Chiphaso cha Bizinesi Chifike Pafupi ndi Anthu



Munthu wofuna kutsegula chigayo pa Nsaru kapena shopu ya mipando pa Namitete akamayendera chiphaso mpaka ku Lilongwe, n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa, mpamba wake umathera m'matola. Ena amagwa ulesi n'kukakhazikitsa bizinesi kwina, ndipo ntchito zomwe ana athu akadapeza zimapita nawo.

Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu, choncho tizigwiritse ntchito. Mafomu azipezeka pamisika yathu, mitengo ya ziphaso imatidwe poyera, aliyense wolipira alandire lisiti, ndipo auzidwe tsiku lenileni lodzatenga chiphaso chake. Tsikulo likadutsa popanda yankho, musapereke kangachepe kwa aliyense. Kadziwitseni khansala wanu.