Mlendo wa ku Migodi Akafika ku Mudzi

Munthu wocokera ku Kitwe kapena ku Mufulira, akaoloka mlatho wa Luangwa kunka ku midzi ya ku Katete kapena ku Chadiza, ayenera kukumbukira kuti nkhokwe ya eni nyumba si sitolo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale cimanga cicepa. Komabe mai wa pa nyumba adzapha nkhuku yace yotsala, pakuti kumana mlendo ncamanyazi. Cifukwa cace mlendo wanzeru anyamula mcere, sopo ndi thumba la ufa, nazipereka pofika, osati pocoka. Asanagone akaonekere kwa mfumu ya mudzi. Ndipo asayende yekha ku manda, kumene kukhala dambwe la Nyau, pakuti mlandu wace udzatsalira iye amene anamsunga, mlendoyo atabwerera kale ku nchito.