Dzina la Mtundu Lisasanduke Chikwanje

Lero tiyeni tilingalire za dziko la Rwanda. Kumeneko Ahutu ndi Atutsi amayankhula chinenero chimodzi, Kinyarwanda, ndipo kuyambira kale ankakhala pa mapiri amodzimodzi, namakwatirana. Nthawi zina Mhutu akalemera ndi ng'ombe ankatha kuwerengedwa ngati Mtutsi.

Koma Azungu atafika anayamba kuyeza mphuno ndi misinkhu ya anthu, nanena kuti Atutsi ndi mtundu wapamwamba wochokera kutali. M'zaka za m'ma 1930 boma la Belgium linalemba mtundu wa aliyense pa chitupa, mwana n'kumatsata mtundu wa atate ake. Chimene chinali chosinthika chinauma ngati mwala.

M'chaka cha 1994 zigawenga zinkafunsa zitupa zotere m'misewu. M'masiku 100 anaphedwa anthu pafupifupi 800,000, ochuluka mwa iwo Atutsi, ena m'matchalitchi a ku Nyange ndi Ntarama. Ambiri mwa akupha ndi ophedwa anali obatizidwa.

Kudziwa makolo athu ndi mfunda wathu n'kwabwino ndithu. Komabe ife makolo ndi akatekisti tisamale lilime pamaso pa ana. Tikamati “anthu a mtundu uja ngotere,” tayamba kale kunola chikwanje. Ambuye atitchinjirize ku tchimo limeneli.