ZA BALA LIMENE MBALA ISIYA M'NYUMBA

Mau onenedwa pamaso pa Mafumu ndi anthu a Msonkhano



Mlandu umene tadza nao pamaso panu lero uli wa nyumba yothyoledwa ndi mbala. Za magwiridwe a akuba ndi cilango cao tizisiyira eni ace, ndiwo apolisi ndi mabwalo a milandu. Ife tifuna kunena za munthu wotsala m'nyumbamo, amene ayenera kugonamo usiku wotsatira, ndi usiku winanso, citseko ciri cothyoka ndi mtima wace uli m'mwamba.

Macitidwe athu pa cinthu cotere muwadziwa. Mpfuu ikamveka mamawa, anthu athamangira konko, naona polowera mbala, nalondola mapazi kufikira pamene atayika pa mseu, nawerenga zobedwa: njinga, wailesi, foni, mabulangete, thumba la cimanga. Apepesa, napukusa mitu, ndipo dzuwa likakwera yense amuka ku munda kwace kapena ku nchito yace. Pofika tsiku lacitatu mudzi waiwala. Tsono nthawi imeneyo ndiyo nthawi imene kudwala kwa mwini nyumba kuyamba.

Kuti mau athu asakhale ongoganizira, tikuuzeni zimene anapeza anthu ofunsitsa za ici. Ku England, Mike Maguire, wa ku sukulu yaikuru ya Oxford, anafunsa anthu 322 amene nyumba zao zinathyoledwa, ndipo zimene anamva anazisindikiza m'caka ca 1980. Pofunsidwa kuti coipa coposa zonse cinali ciani, mwa anthu atatu mmodzi yekha anachula katundu wobedwa kapena woonongeka. Ocuruka ananena za kulowa kwa munthu wosadziwika m'malo ao obisika, ndi za kusweka kwa mtima. Itapita milungu 4 kufikira 10, anthu 65 mwa 100 ananena kuti cinthuco cinali kuwabvutabe. Obvutika koposa anali akazi amasiye ndi akazi amene ukwati wao unatha. Ena a iwo anaona ngati nyumba yadetsedwa, nakolopa ponse, nacapa zonse zimene dzanja la mbala linakhudza.

Cifukwa cace sicibisika. Nyumba ndiyo malo amene munthu abvula zobvala zace, natseka maso, nadzipereka kwa tulo wopanda cida m'manja. Ndipo atero cifukwa akhulupirira khoma ndi citseko. Mbala ikalowa, cikhulupiriro cimeneco ituruka naco. Kuyambira pamenepo khoswe akathamanga pa denga munthu adzidzimuka, galu akauwa kutali akhala tsonga pa mphasa, nadzuka kawiri katatu kukayesa mpiringidzo umene anauyesa kale. Ana akana kugona okha, ndipo ena amene analeka kalekale ayambanso kukodza pogona. Bambo ayenda ndi manyazi a m'kati, akumadzifunsa kuti anagona bwanji kufikira osamva kanthu. Mai aleka kupita ku msika, ku maliro ndi ku mapemphero, poopa kusiya nyumba yokha. Ndipo pa zobedwa pamakhala kanthu kena kamene pa msika kalibe mtengo, monga cithunzi ca malemu kapena nsaru imene anasiya agogo. Kameneko ndiko kalirika zaka zambiri, njinga itagulidwa kale ina. 

Pali bala lina limene likhudza inu Mafumu koposa ife tonse, ndilo kuganizirana. Maguire anapezanso kuti ambiri a othyoleredwa anayamba kukayika anansi ao ndi anthu owadziwa. Kwathu kuno funso lace timalimva: anadziwa bwanji kuti ndalama za fodya ziri pansi pa sutikesi? Munthu wosagona tulo afuna dzina, ndipo akapanda kulipeza kwa apolisi akalifuna ku ula. Woombeza acula mwana wa mbale, kapena mnyamata amene anagwira ganyu pakhomopo, ndipo mabanja awiri amene anali kupalana moto aleka kulonjerana. Mwabvi unaletsedwa ndi lamulo la 1911, koma mtima wofuna mwabvi sunathe. Masiku ano uturukira m'khamu la anthu onyamula miyala ndi petulo, ndipo wakufayo nthawi zina sali wakubayo. Cotero mbala imodzi, imene inatenga wailesi imodzi, isiya mudzi wogawanika ndi mlandu wa mwazi.

Ena a ife pofuna kutonthoza timati, Limbani mtima, zapita zimenezo, sabweranso. Mau amenewa ali okoma, koma sali oona nthawi zonse, ndipo wothyoleredwa adziwa. Kumpoto kwa England, m'tauni ya Rochdale, muli mudzi wa nyumba zoposa 2,000, dzina lace Kirkholt, kumene cisanafike caka ca 1987 pafupifupi nyumba imodzi mwa zinai inali kuthyoledwa pa caka. Ken Pease ndi anzace, pogwirizana ndi apolisi, anawerenga milandu ya kumeneko, napeza kuti nyumba yothyoledwa kamodzi inali pa ngozi ya kuthyoledwanso yoposa kanai ngozi ya nyumba imene sinathyoledwepo. Mbala yadziwa kale polowera, yaona zimene inasiya, ndipo idziwa kuti zobedwa zidzagulidwa zina zatsopano. Mantha a wothyoleredwa tsono ali ndi maziko, ndipo sitiyenera kuwaseka.

Imvani cimene anacita ku Kirkholt kuyambira 1987. Mphamvu zao sanazimwaze pa mudzi wonse, koma anaziika pa nyumba zothyoledwa kumene. Anakonza msanga zitseko ndi mazenera a nyumba zimenezo. Anacotsa makina oponyamo ndalama zacitsulo zolipirira magetsi ndi gasi, amene akuba anali kuwatsata m'nyumba. Ndipo, mwini nyumba akalola, anapempha nyumba zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri zoyandikana naye kuti zikhale maso ndi makutu ace, zikaona cacilendo zinene. M'zaka zitatu kuthyola nyumba kunatsika kotero kuti pa milandu 100 ya kale panatsala 25. Ndiponso ku Bristol, m'dziko lomwelo, m'caka ca 1974 munayamba bungwe la anthu odzipereka, lodziwika lero ndi dzina la Victim Support, limene nchito yace yoyamba inali kufika pakhomo pa olakwiridwa, ambiri a iwo othyoleredwa nyumba, ndi kukhala nao pansi kuwamva.

Mafumu athu, cimene anthu aja anacita kucikonza ndi makomiti ndi ndalama, ife ticidziwa kale, pakuti ndi comwe ticita pa matenda ndi pa maliro. Wodwala timzonda kufikira acira; namfedwa tigona naye pa siwa, ndipo titaika maliro tibweranso kudzamuona. Akuru anati, Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Cotisowa ndi ici cokha, kuti wothyoleredwa sitinamuwerenge pamodzi ndi odwala ndi ofedwa, popeza thupi lace liribe bala ndipo pakhomo pace palibe maliro. Cifukwa cace tiika pamaso pa Msonkhano mapempho awa, kuti muwayese.

Coyamba, citseko kapena zenera lothyoka likonzedwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, mlandu utanenedwa ku polisi ndi apolisi ataona malowo. Ngati mwini nyumba ali wamasiye kapena nkhalamba, nyakwawa itume anyamata ndi mmisiri, ndi mudzi usonkhe misomali ndi loko.

Caciwiri, banjalo lisagone lokha masiku oyamba. Mbale kapena mnansi agone nao, monga ticita pa maliro, kufikira iwo eni anene kuti tulo tabwerera.

Cacitatu, mfumu iitane nyumba zoyandikana, niziuze pamaso pa mwini nyumba kuti kuyambira lero nyumba iyi iri m'manja mwao, kuti mai akhoze kupita ku msika ndi ku cigayo mtima uli pansi. Zimenezi zicitike mogwirizana ndi alonda a m'mudzi amene agwira nchito ndi apolisi.

Cacinai, tisunge pakamwa pathu. Mafunso onga akuti, Kodi munatseka? Munagona bwanji cotero? Bwanji simunaike ndalama ku banki? awonjezera katundu pa munthu wolemedwa kale, amene adzifunsa yekha mafunso omwewo usiku wonse. Akafuna kusimba nkhani yace kacisanu, timvere kacisanu. Ana nao auzidwe zoona m'mau ocepa, naonetsedwe citseko cokonzedwa.

Cacisanu, dzina la munthu woganiziridwa lisachulidwe pa citsime kapena pa mowa. Amene ali ndi umboni apite nao kwa mfumu ndi ku polisi, ndipo mfumu ikane kumva mlandu woturuka ku ula. Wogwidwa aperekedwe ku polisi wamoyo.

Cacisanu ndi cimodzi, utatha mwezi mfumu kapena nduna yace ifikenso pakhomopo. Kwa anthu ambiri mantha acepa okha pakupita kwa milungu. Koma ikapeza munthu alotabe maloto oopsa, sadya, sagona, kapena wayamba kumwa mowa kuti apeze tulo, imlangize kupita ku cipatala, pakuti iyi ndi nthenda imene madokotala aidziwa ndi kuiciza. Ndiponso ku polisi kuli cipinda cothandiza olakwiridwa, dzina lace Victim Support Unit.

Pa mapempho onsewa palibe limodzi lofuna cilolezo ca Boma kapena thumba la ndalama. Afuna mau a mfumu ndi miyendo ya anansi. Katundu wobedwa kawirikawiri sabwera, ndipo sitingathe kulonjeza munthu kuti mbala idzagwidwa. Koma kuti agonenso m'nyumba mwace, ndi kuti alonjerenso mnansi wace wopanda kumkayika, zimenezo ziri m'manja mwathu. Tipempha kuti Msonkhano ukambe mau awa, ndipo amene abvomerezeka alembedwe, kuti Mafumu akawanene m'midzi mwao.

Mau athu athera pamenepa.