Gogo akagwa, tifunse mankhwala amene akumwa



Lero za makuponi ndi mitengo ya fodya tiyambe taziika padera. Tikambe za makolo athu okalamba amene akugwa pakhomo, kudimba ndi panjira ya kuchitsime, ife n'kumati ndi ukalamba basi, ena mpaka kunong'ona za ufiti.

Bungwe la zaumoyo la WHO linalengeza mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Ukalamba umafooketsadi miyendo ndi maso, izi sitikana. Koma pali china chimene sitifunsa, ndicho mankhwala.

Mankhwala ena a BP amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Ena mwa iwo amakodzetsa pafupipafupi, ndiye gogo amatuluka usiku kangapo, mumdima, pabwalo poterera ndi mvula. Mankhwala a shuga monga glibenclamide amatsitsa shuga mopyola muyeso ngati munthu sanadye, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhokwe zimakhalira mu Januwale ndi Febuluwale. Gogo wamwa piritsi m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, wanyamula khasu kupita ku ganyu. Akagwera pamzere tidabwe chiyani? Piriton wa pagolosale amagonetsa. Mukaphatikiza zonsezi, kachasu n'kubwera pamwamba, miyendo siingalimbe.

Amayi ndi abambo sagwa mofanana. Mayi akasiya kusamba mafupa ake amayamba kufooka msanga, choncho kuterereka pang'ono ali ndi ndowa pamutu, fupa la m'chiuno lathyoka. Abambo okalamba sagwa kawirikawiri ngati amayi, koma akagwa ndiwo amafa kwambiri. Kwathu kuno timawaona akukwera padenga kukafolera ngati akadali anyamata.

Pa ntchito yathu ya ulangizi taona minda ikugonera chifukwa mwini wake ali pamphasa, zidzukulu zamasiye zilibe wozilimira. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi ya mgwirizano wathu.

Chonde musakauze gogo kuti asiye mankhwala. Kusiya a BP kungabweretse sitiroko. Mukawaperekeze kuchipatala ndi kabuku kawo, mutanyamula mapiritsi onse, ngakhale ogula okha ndi azitsamba, mukanene kuti anagwa liti komanso akuchita chiyani. Dokotala angathe kusintha mlingo kapena mtundu. Kunyumba, azikhala kaye pansi pang'ono asanaimirire, tochi ndi ndodo zikhale pafupi ndi pogona.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Ife tikupempha kuti lamuloli lioneke kuzipatala zathu za kumudzi, kuti wokalamba aliyense wolandira mankhwala azifunsidwa ngati anagwapo. Alembi a makalabu, msonkhano wamawa mubwere ndi chiwerengero cha okalamba amene agwa m'midzi mwanu dzinja lino, kuti tikapereke ku komiti ya chipatala.