Kusankha Mtundu wa Penti wa M'chipinda

(Mau amene Mlembi wa Umanyano analankhula pa tsiku la chikondwerero ku Edingeni)



Komiti inandipempha kuti ndilankhulepo za kasamalidwe ka nyumba. Ine sindinapite patali ndi sukulu, chotero ndingokuuzani zimene ndinaphunzira nditalakwitsa ndekha.

Chaka china bambo a kunyumba ali ku Joni anatumiza ndalama kuti tikonze chipinda cha apongozi anga, amai ao owabala. Ndinali nditaona nyumba ina ku Mzuzu yopakidwa penti ya buluu woderapo, yonyezimira, ndipo mtima wanga unatengeka. Osafunsa munthu, ndinapita ku boma nkugula chitini cha malita 5. Ndinaiŵala kuti nyumba ya ku Mzuzu ija inali ndi mazenera aakulu ndi magetsi, pamene chipinda chathu chili ndi kazenera kamodzi kokha. Titatha kupaka, m'chipindamo munachita mdima ngati madzulo, dzuŵa lili paliwombo.

Apongozi maso ao ndi ofooka. Tsiku lachitatu anapunthwa pa mpando nagwa, napweteka bondo. Sanandikalipire ai. Anangoti, "Mwana wanga, kodi mwandikonzera manda ndikali moyo?" Ndinagwada nkupepesa, misozi ili m'maso. Ndinagulitsa mtedza wanga kuti ndigule penti yoyera, ndipo tinapaka katatu konse buluu uja asanabisike. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tsono nazi zimene ndinatolapo.

Choyamba, funsani mwini chipinda. Amene agonamo ndiye adzaona khomalo m'maŵa ndi madzulo. Ngati ndalama ndi za banja, gwirizanani ndi bambo, ngakhale pa foni.

Chachiŵiri, yang'anani zenera musanayang'ane chitini. Mtundu woyera, wa kirimu kapena wa chikasu chosapsa umabweza kuŵala, ndipo ngakhale kanyali ka sola kamaunika bwino. Mtundu woderapo umameza kuŵala, chipinda nkumaoneka chopanikiza. Udzudzunso umakonda kubisala pamalo a mdima, pamene pa khoma loyera nsikidzi ndi mphemvu zimaoneka msanga.

Chachitatu, yesani pang'ono poyamba. Pakani pamalo pofanana ndi mphika, dikirani paume, muone m'maŵa, masana ndi usiku. Penti ikauma sioneka monga inalili m'chitini.

Chachinai, dziŵani ntchito ya chipindacho. Penti ya madzi iyenera kuchipinda chogona ndi pabalaza, chifukwa imauma msanga ndipo sinunkha kwambiri. Ya mafuta iyenera pa zitseko, m'mafelemu ndi m'munsi mwa khoma momwe ana agwiragwira, popeza imapukutika ndi kansanza. Laimu ndi wotsika mtengo ndipo amayeretsa bwino, koma amatsalira pa zovala. Ambiri a ife tinafikapo kutchalitchi siketi yakuda ya yunifolomu ili mbuu kumbuyo!

Chachisanu ndi cha ana athu. Mu 2021 zinadziŵika kuti penti zina za mafuta zogulitsidwa m'Malaŵi muno zinali ndi mtovu wambiri, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kuilondola nkhaniyi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, nkumavutika m'kalasi. Chotero pogula ŵerengani pa chitini, funsani ngati mulibe mtovu. Popala penti yakale, ana ndi amai oyembekezera atuluke, ndipo fumbi lake mukolope ndi madzi, osangosesa. Chitini chatha penti musatungire madzi akumwa.

Nthaŵi yabwino yopaka ndi ya chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, chisanu cha Juni ndi Julaye chitapita, mvula isanagwe. Khoma la simenti yatsopano lisiyeni masabata angapo liume, apo ai penti idzasupuka.

Pomaliza, mai amene alibe ndalama ya penti asachite manyazi. Amai athu ankazira nyumba ndi mtsiro wa kudambo, nakongoletsa khonde ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, osalipira ngakhale tambala. Alendo ankaloŵa nakhala mosangalala. Luso limenelo tiphunzitse atsikana athu lisatayike.

Lero apongozi amakhala m'chipinda choyera, ndipo amatha kutunga ulusi pa singano okha pafupi ndi zenera. Amene mufuna kuona, bwerani kwathu, mudzamwenso tiyi.

Ambuye adalitse mabanja athu ndi Umanyano wathu.