Java Kapena Kotlin: Wachinyamata Aphunzire Chiti?

Lamya za m'manja zimene zadzaza m'masitolo a ku Limbe ndi mu Victoria Avenue, monga Tecno, Itel ndi Samsung, zimayendera Android. Pulogalamu iliyonse ya m'lamyazo anachita kuilemba ndi munthu, m'chiyankhulo chimene kompyuta imamva. Kwa zaka pafupifupi khumi chiyankhulo chachikulu cha Android chinali Java, chimene kampani ya Sun Microsystems inatulutsa mu 1995. Komatu mu 2017 kampani ya Google, eni ake a Android, inavomereza chiyankhulo china chotchedwa Kotlin, ndipo mu 2019 inalengeza kuti Kotlin ndiye azitsogola.

Nkhani imeneyi imawasowetsa tulo achinyamata, kaya ali pa sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, imene kale inali Polytechnic, kaya akudziphunzitsa okha ku Ndirande ndi ku Bangwe pa kompyuta yobwereka. Bandulo ya intaneti njodula, magetsi ngozimazima, ndipo kholo limene lagulitsa mbuzi silifuna kumva kuti mwana wataya chaka pophunzira chinthu chotha ntchito.

Tsono funso loyamba nali: kodi eni ake atseka chitseko, kapena angotsegula china? Python 2 anamutsekeradi chitseko pa 1 Januwale 2020, pamene eni ake analeka kumukonza. Woyamba kumuphunzira lero akutunga madzi ndi dengu. Java sanafike pamenepo. Akukonzedwabe, ndipo mabanki ndi makampani akuluakulu m'maiko ambiri amamudalira. Ziyankhulo zotere zimachedwa kufa. COBOL anabadwa mu 1959, koma mu 2020, Covid itavuta, boma la New Jersey ku America linachita kupempha poyera anthu omudziwa, chifukwa makina olipirira anthu ochotsedwa ntchito anali kuyenderabe iyeyo.

Nanga Kotlin anakopa anthu ndi chiyani? Anamupanga ndi a kampani ya JetBrains, namutulutsa wokhwima mu 2016. Zimene Java amanena m'mizere yambiri, iye amanena mwachidule. Chachikulu nchakuti amatchinjiriza ku vuto lakale limene pulogalamu imaitana chinthu chimene palibe, nkuzima pamaso pa munthu, mwina ali pakati potumiza ndalama kumudzi. Kotlin amachenjeza mlembi pulogalamuyo isanafike m'manja mwa anthu.

Awiriwa si adani ayi. Amatha kugwira ntchito m'pulogalamu imodzi, wina kuitana mnzake, motero wodziwa kale Java asadandaule. Maziko ake ngomwewo, ndipo sachedwa kuzolowera.

Kwa woyamba kumene, amene mtima wake uli pa mapulogalamu a lamya, nzeru nkuyamba ndi Kotlin, popeza maphunziro atsopano a Google alembedwa m'menemo. Koma asanyoze Java. Ntchito yoyamba imene wachinyamata amapatsidwa kawirikawiri si yomanga chatsopano, koma yosoka zigamba pa zimene analemba ena zaka zapitazo. Ayambe wawerenga zotsatsa ntchito m'nyuzi za The Nation ndi The Daily Times kwa mwezi wathunthu, aone chimene olemba ntchito a mu Blantyre akufunsa. Pajatu fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Chida cholembera mapulogalamuwa, Android Studio, nchaulere, ndipo chimatha kusandutsa zolemba za Java kukhala za Kotlin. Chovuta chake nchakuti chimafuna kompyuta yamphamvu. Yakale imapuma wefuwefu.