Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Ambirife tinkasinza pa phunziro la sayansi, koma buledi wa majarini sitinkamukana. Mafuta a majariniyo ankalimbitsidwa ndi njira imene Paul Sabatier wa ku France anatulukira m'chaka cha 1897, yolowetsa mpweya wa haidirojeni m'mankhwala mothandizidwa ndi chitsulo cha nickel. Chitsulocho chili ngati nkhoswe: chimalumikizitsa awiri, icho nkutsala momwe chinaliri.

Vuto linali lakuti mankhwala ena amatuluka pawiri ngati manja, lamanja ndi lamanzere, pamene thupi limafuna limodzi. William Knowles wa kampani ya Monsanto anagwiritsa ntchito rhodium napanga L-DOPA wa dzanja loyenera, wothandiza odwala Parkinson. M'chaka cha 2001 analandira mphotho ya Nobel.

Alimi muli muno musaone ngati ndi zakutali. Dual Magnum amene mumapopera m'chimanga kupha udzu amapangidwa chomwecho, ndi iridium, kotero mumathira wocheperapo kusiyana ndi wakale.

Dzulo ndinayendera labotale yathu ija. Ana akuphunzira zonsezi pabolodi, gasi mulibe. Msungichuma ali pakhomo ndi kaundula, tisamulambalale potuluka.